CX-5 kapena Fortuner: galimoto yoti ikalambe nafe kuno ku Chigwa

Msewu wa M1 ukamachoka mu Blantyre umakhala pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere. Kenako umayamba kukhotakhota m'zitunda, n'kudzagwera pa Thabwa ndi pa mlatho wa Kamuzu, pomwe nthaka ili pa mamita pafupifupi 100 okha. Kutsika konseko kumachitika pa makilomita ochepa. Ife a ku Chigwa tikamaganiza zogula galimoto, zitunda zimenezi sizichoka m'mutu. Potsika zimadya mabuleki. Pokwera zimawiritsa madzi a mu redieta, makamaka mu Okutobala ndi Novembala pomwe kutentha kwa ku Ngabu ndi ku Nsanje kumapitirira madigiri 40. Nyengo imeneyo si zachilendo kuona galimoto itaima pakhonde la chitunda, boneti ili m'mwamba, mayi ndi ana atakhala pa miyala kudikira kuti injini izizire.

Ine ndimakhala pa Ngabu, ndimagulitsa mbewu, mankhwala a thonje ndi a ziweto. Tili ndi ana anayi, ndipo mayi anga ondibereka ali ku Muona, tsidya la kum'mawa kwa Shire. Pa mapu Muona sali kutali ndi ife. Koma chiyambire pomwe madzi anakokolola njanji ndi msewu pa Mtayamoyo mu 1997, wochokera ku Bangula kupita ku Makhanga amawoloka pa bwato. Wagalimoto amayenera kukwera kaye kumpoto, kudutsa Nchalo ndi Dyeratu, kuwoloka mlatho wa Kamuzu, kukhota pa Thabwa n'kutsikanso kum'mwera m'mphepete mwa mapiri a Thyolo, kudutsa Livunzu ndi Masenjere mpaka ku Fatima. Galimoto imene tinkafuna inayenera kupirira ulendo umenewu chaka ndi chaka, kunyamula katundu wa m'sitolo kuchokera ku Limbe, kupita ku maliro ndi ku maukwati, ndiponso kukhala nafe zaka khumi, chifukwa ndalama zogulira galimoto kawiri sitidzazipeza.

Pa ndalama zomwe tinasonkhanitsa panapezeka galimoto ziwiri za dizilo, ndipo mitengo yake inali yoyandikana. Yoyamba inali Mazda CX-5 ya 2014, ya injini ya 2.2, yongofika kumene kuchokera ku Japan kudzera pa Dar es Salaam ndi pa Songwe. Yachiwiri inali Toyota Fortuner ya 2010, ya 3.0 D-4D, yopangidwa ku Durban, yomwe inali itayenda kale m'misewu ya m'Malawi muno zaka zingapo ndipo makilomita ake anali oposa kawiri a inzakeyo.

Wina aliyense akakhala mu CX-5 mtima umakopeka, ndipo si uchitsiru ayi. Ndi galimoto yabwino. Mkati muli zii, mipando ndi yofewa, AC imazizira msanga, ndipo ukaponda pang'ono imanyamuka ngati sikumva kulemera. Injini yake, yomwe a Mazda amaitcha Skyactiv-D, ili ndi ma turbo awiri, yaing'ono ndi yaikulu, ndipo imatulutsa mphamvu yokoka ya 420 Nm. Fortuner ya malita atatu imatulutsa 343 Nm. Choncho pa chitunda cha Thabwa yaing'onoyo ndi imene imasiya yaikulu m'mbuyo. Pa mafuta ndiye palibe mpikisano: eni ake a CX-5 amayenda makilomita 14 kapena kuposa pa lita imodzi akakhala pa tala, pomwe Fortuner ikakupatsani 10 mumathokoza. Kwa munthu amene waonapo mizere ya mafuta ya zaka zapitazi, kusiyana kumeneku si kochepa. Kachinthu kokha komwe kanandikhumudwitsa tsiku loiyesa ndi wailesi, poti za ku Japan zimalekera pa 90 MHz ndipo masiteshoni ambiri a kuno sizigwira mpaka uikemo kachipangizo kowonjezera. Koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku limodzi.

Nkhani yeniyeni ili kumunsi kwa galimoto, pa paipi ya utsi. CX-5 ya dizilo ili ndi DPF, sefa yogwira mwaye kuti usatuluke kunja. Sefayo ikadzaza, kompyuta ya galimoto imalamula ma injector kuthira dizilo wowonjezera kuti utsi utenthe mpaka madigiri pafupifupi 600, mwaye upse. Ntchito imeneyi imafuna kuti galimoto ikhale ikuyenda bwino kwa kanthawi osaima. Mukaizimitsa isanamalize, dizilo wina amatsetserekera m'mbali mwa ma piston n'kusakanikirana ndi oyilo. N'chifukwa chake pa kachitsulo koyezera oyilo pa galimotoyi pali chizindikiro cha X pamwamba pa mzere wa kudzaza: oyilo akafika pamenepo, ndiye kuti wasungunuka ndi dizilo ndipo ayenera kuchotsedwa msanga. Oyilo wosungunuka sateteza bwino ma turbo ndi zitsulo za mkati. Komanso injini imeneyi siilola oyilo wamba. Imafuna wosasiya phulusa lambiri, amene ku Japan amalembedwa DL-1. Oyilo wa 15W-40 amene amadzaza m'mashelefu a pa Nchalo ndi pa Bangula, wa mathirakitala ndi malole, amatseka DPF pang'onopang'ono ndi phulusa lomwe silipsa. Onjezani kuti galimotoyi anaipangira dizilo wa ku Japan, amene sulphur wake sapitirira 10 ppm.

Apa anthu ambiri amafulumira kunena kuti galimoto ya DPF siyenera Malawi, ndipo ine sindigwirizana nawo kwathunthu. Msewu wa kuno, kuchoka pa Dyeratu mpaka ku Nsanje, ndi wowongoka ndi wathyathyathya. Munthu wogwira ntchito ku Blantyre koma banja lili ku Nchalo, woyenda msewu umenewu mlungu uliwonse, DPF yake ingadziyeretse yokha bwinobwino kuposa ya munthu wokhala ku Ndirande amene amangokwawa m'mizere ya pa Ginnery Corner. Funso linali la mayendedwe athu ifeyo. Ndinakhala pansi n'kuwaganizira moona. Masiku ambiri galimoto yathu imayenda mtunda waufupi: kusitolo, kusukulu, kuchipatala, kumsika wa ng'ombe. Ikapita kumidzi imayenda mwapang'onopang'ono m'fumbi ndi m'mabampu. Ndipo kuno kukatentha palibe amene amazimitsa injini podikira munthu, chifukwa AC ikazima mwana wakhanda sapirira. Mayendedwe otere ndi amene amadzaza DPF msanga, n'kumaisokoneza pakati pa ntchito yake. Alipo amene amangoichotsa sefayo n'kusintha pulogalamu ya kompyuta. Ndaona galimoto zotero zikuyenda. Koma moyo wa injini yonse umadalira dzanja la amene wasintha pulogalamuyo, ndipo kugula galimoto ukudziwa kale kuti ukaidula chiwalo sikunandikhalire bwino.

Pali chinthu chimodzi chomwe okonda Toyota sakonda kumva. Fortuner ya D-4D si injini yakale ija ya 2L kapena 5L yomwe inkameza chilichonse. Nayonso ndi common rail, monga CX-5. Dizilo amapita ku ma injector ndi mphamvu yaikulu kwambiri kudzera m'timabowo tosaoneka ndi maso, ndipo madzi pang'ono kapena mchenga pang'ono zimawononga pampu ndi ma injector pa galimoto zonse ziwiri mofanana. Izi n'zofunika kwa ife, chifukwa mafuta akasowa pa ma filling station, m'misika ya kuno mumadzaza zigubu. Ena mwa mafuta amenewo ndi abwino, ena akhalitsa m'zigubu zomwe dzulo munali madzi, ena awonjezeredwa palafini. Sungadziwe ndi maso. Amene akuganiza kuti akagula Toyota wapulumuka ku zigubu akudzinamiza. Chomwe Fortuner ili nacho ndi fyuluta ya dizilo yokhala ndi kachikho kosonkhanitsa madzi pansi, ndi nyali pa dashibodi yokuchenjezani kuti mukhuthule. Fyuluta imeneyi imapezeka paliponse ndipo kuisintha si ntchito yofuna kompyuta.

Tsono Fortuner imene tinkaiyang'anayo inali yokalamba, ndipo ukalamba wa galimoto subisika. Chiwongolero chinali chitatelera, mpando wa dalaivala utaphwa mbali imodzi, ndipo pa mabampu kumbuyo kunkalira. Ndinapita nayo kwa makaniko wina wachikulire wa pa Nchalo, amene wakhala akukonza ma Hilux kuyambira ndili mnyamata. Anakana kuiona masana. Anati tiisiye igone pamalo pake, aimve ikulira m'mawa isanatenthe. Kutacha anailiza, n'kuima chete kumvetsera ngati muli kugogoda kwa ma injector otopa. Anatsegula chivindikiro cha oyilo injini ikulira kuti aone kuchuluka kwa mpweya wothawa m'mbali mwa ma piston. Anayang'ana mtundu wa utsi. Kenako anagona pansi ndi tochi kwa nthawi yaitali.

“Achimwene,” anatero atatuluka, “injini iyi ili ndi moyo. Koma musanaipatse ulendo wautali tisinthe mawashala a pansi pa ma injector, titsegulenso sump tione sefa ya oyilo.”

Ndinawafunsa chifukwa chake.

“Mawashala amenewo akatha, utsi umalowa mu oyilo n'kupanga makala. Makalawo amatseka sefa ya pansi, oyilo osakwera, injini n'kugwira muli pa liwiro. Ndaziona zambiri zikufa choncho, eni ake akuti Toyota siifa.”

Injini ya Fortuner imeneyi, yotchedwa 1KD-FTV, imadziwikadi ndi vuto limeneli, ndipo mankhwala ake ndi otsika mtengo ukawachita nthawi isanathe. Anandikumbutsanso za timing belt. CX-5 ili ndi tcheni, koma Fortuner ili ndi lamba amene amasinthidwa pa makilomita 150,000 alionse, ndipo pa dashibodi pamayaka nyali ya T-BELT. Nyaliyo munthu atha kuizimitsa osasintha lambayo. Popeza mwini wake analibe lisiti losonyeza kuti anasintha, madalawo anati tiziwerenga ngati sanasinthe. Anagwiranso fani ya redieta injini itatentha n'kuzimitsidwa, kuona ngati kilachi yake ikugwirabe, chifukwa fani ikafooka galimoto imayenda bwino pa Sorgin mpaka pa Bereu koma n'kukawira pakati pa zitunda za Thabwa.

Nditawafunsa za CX-5 sananyoze. Anangoti, “Imeneyo ndi yabwino, koma ikayatsa nyali ya injini ine ndidzakutumizani ku Blantyre. Mabuleki ndi mabushi ndingakonze. Za mkati mwake zikufuna munthu wa kompyuta amene wazichita kambiri.” Mawu amenewa ndi amene anandilemera kuposa manambala onse. Amakaniko odziwa bwino injini ya Skyactiv-D alipo ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ndipo akuchulukirachulukira. Koma pakati pa ine ndi iwo pali makilomita oposa 100 ndi zitunda zija. Galimoto imene yadziika pa liwiro lochepa chifukwa cha sensa imodzi siikwera Thabwa ndi banja lonse. Imakwera pamsana pa lole, ndipo mtengo wa loleyo sulembedwa pa pepala la wogulitsa.

Fortuner anaimanga pa chasesi ya Hilux. Kumbuyo kokha n'kosiyana, poti Hilux ili ndi masipuling'i a zitsulo zosanjikiza pomwe Fortuner ili ndi ozungulira, koma injini, giyabokosi, mafyuluta, malamba, ma ball joint ndi zambiri za kutsogolo n'zofanana. Ndipo Hilux ndi galimoto ya kuno ku Chigwa. Boma limayendera yomweyo, mabungwe othandiza anthu pa nthawi ya madzi osefukira amayendera yomweyo, a zaulimi ndi a zaumoyo chimodzimodzi. Zotsatira zake n'zakuti mnyamata aliyense wophunzira umakaniko pa Ngabu wagwirapo D-4D, ndipo masipeya ake, atsopano ndi akale omwe, ali m'masitolo a ku Limbe ndi m'misika ya ku Ndirande. Ukaimba foni m'mawa, chitsulocho amachikweza minibasi, madzulo chafika. Pamafunika kusamala ndi zachinyengo, chifukwa chilichonse chogulidwa kwambiri chimakhala ndi chabodza chake, makamaka mafyuluta ndi ma injector. Koma chilipo.

Kupezeka kwa masipeya kunali nkhani yaing'ono kale, pomwe kwacha inali ndi mphamvu. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Ndalama zakunja zikasowa m'mabanki, chitsulo choyitanitsa ku Japan, ku Dubai kapena ku Johannesburg chimakwera mtengo pakati pa tsiku lomwe mwafunsa ndi tsiku lomwe mwalipira, kenako n'kudikira masabata. Turbo ya CX-5, DPF yake, kapena ma injector ake si zinthu zoti mungozipeza pa shelefu paliponse. Pamene mukudikira, galimoto ili pansi pa mtengo wa nimu, ndipo inu mukulipira matola. Munthu wogula galimoto ya zaka ziwiri sangade nkhawa ndi zimenezi. Ine ndinkaganiza za chaka chachisanu ndi chiwiri, pomwe CX-5 idzakhale ndi makilomita amene Fortuner ili nawo lero.

Matayala ndiye akupendekera mbali inayo. A Fortuner ndi 265/65 R17, akuluakulu ndi okwera mtengo, ndipo kuwasintha onse anayi kumawawa. CX-5 imene tinaiona inali ndi 225/55 R19, opyapyala m'mbali, okongola pa tala koma osachedwa kutupa kapena kung'ambika pa miyala yakuthwa ya ku East Bank, tsidya la kum'mawa kwa Shire lija. Munthu atha kuwasintha n'kuika a 225/65 R17 omwe CX-5 zina zimabwera nawo, koma zimenezo ndi ndalama zinanso za marimu.

Msewu wa ku Muona ndi umene unandikhalitsa chete kwambiri. Mitsinje ya tsidya lija imatsika m'mapiri a Thyolo mwaukali, n'kusiya mchenga ndi miyala pa msewu, mwina kudula msewuwo kumene. Tinaziona mu Januwale 2015, tinaziona ndi Idai mu Malichi 2019, ndi Ana mu Januwale 2022 pomwe ngakhale damu la Kapichira linawonongeka, ndi Freddy mu Malichi 2023. Madzi akaphwa kumatsala njira zapambali zodutsa m'mchenga ndi m'matope, ndipo zimakhala choncho miyezi. CX-5 si yotsika kwenikweni, ili ndi mamilimita pafupifupi 210 pansi pake, ndipo ilipo yokoka matayala onse anayi. Koma ilibe giya yotsika ija ya L4, ndipo thupi lake ndi chasesi n'chimodzi, choncho kugunda kulikonse kwa pansi kumalowa m'thupi la galimoto. Fortuner ya 4x4 ili ndi giya yotsika ndi chokhomera cha pakati chomangiriza matayala a kutsogolo ndi a kumbuyo kuti azikoka limodzi, ndipo chasesi yake ndi zitsulo ziwiri zazikulu zomwe zinapangidwira kumenyedwa. Ili ndi mipando isanu ndi iwiri. Ife ndi ana tili kale asanu ndi mmodzi. Mu CX-5 ya mipando isanu mwana mmodzi akanakhala pamiyendo, ndipo mayi anga tikawatenga kupita nawo ku Queens sakanakhala ndi malo.

Pano ndichenjeze anzanga a magalimoto aatali, chifukwa kutalika kumanyenga. Injini ya dizilo ikameza madzi kudzera polowera mpweya, ngakhale kapu imodzi, madziwo safinyika ndipo ma conrod, zitsulo zogwira ma piston, amapindika nthawi yomweyo. Madzi othamanga ofika pa theka la tayala amatha kukankha galimoto yolemera matani awiri n'kuichotsa pa msewu. Fortuner siisintha zimenezi. Mtsinje ukadzaza mumadikira pamodzi ndi a njinga. Ndipo mukadutsa m'madzi oima akuya, onani oyilo wa mu diff, bokosi la magiya la pakati pa matayala: akasanduka woyera ngati mkaka, madzi alowa, musintheni. Pogula galimoto yomwe yakhala kum'mwera kuno pambuyo pa Freddy, kwezani kapeti, yang'anani dzimbiri pa njanji za mipando, pisani chala m'makona a pansi pa dashibodi ndi momwe mumakhala jeki. Dothi la madzi osefukira ndi losalala ngati ufa ndipo otsuka galimoto salifikira konse. Ya ifeyo tinaipisa paliponse, tinapeza fumbi lokha.

Koma pali mfundo imodzi imene CX-5 inapambana poyera, ndipo inandisowetsa tulo. Ndi chitetezo pa ngozi. Galimotoyi inapeza nyenyezi zisanu pa mayeso a Euro NCAP mu 2012. Ili ndi ma airbag a kutsogolo, a m'mbali ndi a m'mawindo, ndipo ndi yofupika kotero kuti ukakhota mwadzidzidzi imamvera. Fortuner yakale ndi yaitali, yolemera, ndipo pa msewu wa miyala wokhala ndi timabampu totsatizana kumbuyo kwake kumavina ukathamanga. Msewu wa M1 kuno uli ndi ng'ombe zowoloka popanda wozikusa, mbuzi, a kabaza onyamula matumba a makala, ana a sukulu, ndi mathirakitala okoka nzimbe cha ku Nchalo. Kukhota kwadzidzidzi kuno kumachitika ndithu. Ndinawauza mayi a kunyumba zonsezi osabisa, kuti galimoto imene mtima wanga ukupendekera si imene ingateteze bwino ana itagundidwa.

Anaganiza kwa kanthawi, kenako anati, “Bambo, ngozi imene ine ndimaiopa kwambiri ndi yoti mwana adwale usiku mu Febuluwale galimoto ili ku Blantyre kudikira chitsulo. Inayo ili m'phazi lanu. Mukalonjeza kuti simudzathamanga, tengani yaikuluyo. Koma sankhani msanga, mapanga awiri avumbwitsa.”

Lonjezolo ndinapereka, ndipo ndimalisunga. Pa tala sindipitirira 90, pa miyala ndimachepetsa kwambiri, usiku sindiyenda pokhapokha pali matenda, ndipo aliyense amamanga lamba mpaka a kumbuyo kwenikweni. Izi sizisandutsa Fortuner kukhala CX-5 pa ngozi. Ndi mtengo umene tinavomera kulipira tikudziwa.

Za mapepala sindichulutsa. Galimoto yongofika kumene imafuna kuona kuti msonkho wa MRA unalipiridwa wonse, poti umakwera malinga ndi kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, ndipo amene anazemba amakusiyirani ngongole. Yochokera ku South Africa imafuna chikalata cha apolisi chosonyeza kuti sinabedwe. Tinayerekeza manambala a chasesi ndi a injini ndi a mu blue book, tinaonetsetsa kuti dzina la m'bukumo ndi la munthu amene akugulitsayo, ndipo ndalama zomaliza tinapereka titasintha umwini ku Road Traffic. COF ndi inshuwalansi zinatsatira.

Masamu anga anali otere. Mafuta a Fortuner adzandidyera pafupifupi magawo anayi pa khumi kuposa a CX-5, mwezi uliwonse, kwa zaka zonse. Zimenezo n'zotsimikizika ndipo zimawawa nthawi iliyonse ndikaima pa pampu. Mbali inayo kuli oyilo wokwera mtengo wogula ku Blantyre, wosinthidwa pafupipafupi, ulendo wa ku tauni pa vuto lililonse la kompyuta, ndi mwayi woti tsiku lina ndidzafunike turbo kapena DPF pa nthawi imene ndalama zakunja zasowa. Ndalama ya mafuta imatuluka pang'onopang'ono ndipo ndingaichepetse posiya maulendo osafunika. Inayo imabwera yonse tsiku limodzi, ndipo kwa wabizinesi yaing'ono ngati ine tsiku lotero likagwa mu Novembala, pomwe ndalama zonse zili mu mbewu ndi feteleza, galimoto imakhala pansi mpaka thonje litagulitsidwa. Ndinaganizanso za tsiku loigulitsa. Fortuner yokalamba imapezabe wogula pa Nchalo pomwepo, chifukwa alimi a nzimbe ndi a ng'ombe amaifuna. CX-5 ya dizilo ya makilomita ambiri anthu amaiopa, ndipo mantha a ogula amatsitsa mtengo kaya galimotoyo ili bwino.

Tinagula Fortuner, titatsitsako mtengo ndi ndalama za zinthu zomwe makaniko anatchula. Isanapite kulikonse inakhala kwa madala aja. Anasintha timing belt pamodzi ndi tensioner yake ndi pampu ya madzi, mawashala a ma injector, mafyuluta onse, oyilo wa injini, wa giyabokosi ndi wa ma diff. Sefa ya mu sump anaipeza ili ndi makala pang'ono, anaitsuka. Redieta anaichotsa n'kuitsuka mkati ndi kunja, chifukwa kuno timabowo take timatsekeka ndi njere za udzu, fumbi ndi phulusa la nzimbe zowotchedwa nthawi yodula. Anathiramo coolant weniweni, osati madzi a pa mjigo, poti madzi ambiri a pansi kuno ku Chigwa ndi amchere ndipo amadya redieta ndi mutu wa injini mkati. Mafuta a mabuleki anasinthanso, chifukwa akakhalitsa amayamwa chinyezi n'kuwira potsika chitunda, phazi n'kungolowa pansi. Kuyambira pamenepo fyuluta ya mpweya ndimaiona pafupipafupi m'chilimwe, batire ndimaliyang'anira poti kutentha kumalifupikitsa moyo, potsika Thabwa ndimaika giya yachitatu kapena yachiwiri kuti injini izigwira galimoto, ndipo ndikamaliza kukwera sindizimitsa nthawi yomweyo, ndimaisiya ilire pang'ono kuti turbo izizire.

Mlamu wanga amene amagwira ntchito ku Blantyre anandifunsa ngati angagule CX-5 ija. Ndinamuuza kuti agule, bola apite nayo kaye kwa wodziwa injini zimenezi akaone mbiri ya DPF pa kompyuta, aone ngati oyilo sakukwera kupita pa X, ndipo alonjeze kuti sadzathiramo oyilo wamba kapena dizilo wa m'chigubu. Iye ali ndi ana awiri, amayenda pa tala, makaniko ali naye pafupi, ndipo mwezi ndi mwezi amatsika kudzaona makolo ku Bangula, ulendo umene DPF imaukonda. Kwa iye ndi galimoto yoyenera kuposa yangayi.

Yathuyi yatsala ndi mashokabu a kumbuyo ndi mabushi ake, omwe tinawasiya chifukwa ndalama zinathera pa injini. Ndikufuna asinthidwe mvula isanayambe, chifukwa ulendo wokatenga mayi ku Muona kuti adzadye nafe Khirisimasi umagwa nthawi imene mitsinje ya tsidya lija yayamba kale kudzaza.